Mfuti zooneka ngati za asilikali zochokera kunja: mtengo wake bwanji, nanga kuno zimaloledwa?

MlimiMitundu

Moni nonse a m'gulu muno. Ndili ndi funso, koma ndikupempha kuti ayankhe makamaka amene zinthuzi anazigwirako kapena anagulapo, osati zongomva kwa anzathu pa bawo. Ine ndimakhala ku Area 25 koma ndili ndi kafamu kutsogolo kwa Mitundu, ndimaweta nkhumba ndi nkhuku za mazira, kwinako soya ndi chimanga. Chaka chino akuba andivutitsa kwambiri. Ulendo womalizawu anabwera gulu pakati pa usiku atanyamula zikwanje, mlonda wanga anamumanga ndi chingwe cha ng'ombe n'kumugoneka chafufumimba mu khola, anatenga nkhumba 4 zazikulu imodzi ili ndi bere, ndi pampu ya solar yomwe ndinali ndisanamalize n'kulipira komwe. Mkuluyo mpaka lero dzanja lake lamanzere silikugwira bwino ndipo wanena kuti kumeneko sagonakonso.

Ndiye mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Pretoria wanditumizira zithunzi pa WhatsApp za mu shopu ina ya mfuti kumeneko. Zina zikuoneka ngati AK-47 yeniyeni, zina ngati zija amanyamula asilikali a ku America, zakuda zokhala ndi tizitsulo tambirimbiri pamwamba. Akuti zimenezi amagulitsa kwa anthu wamba chifukwa ndi semi-auto, sizilakatika ngati za kunkhondo. Mayina amene wandilembera ndi Norinco, Zastava, LM5, ndi zina akungoti AR-15.

Mafunso anga ndi awa. Mwa zimenezi yabwino ndi iti pa mtengo komanso kulimba, poti ku famu kuli fumbi ndipo dzinja matope okhaokha? Kuyitanitsa mpaka ifike ku Lilongwe kuno munthu akonzekere ndalama zingati? Nanga apolisi angandipatse chilolezo cha mfuti yotere? Sindikufuna zachinyengo ayi, ndikufuna zonse zidutse pa mapepala. Ndatopa ndi kulimira anthu ena.

Madala a ku Likuni

Pepani kwambiri achimwene ndi zomwe zakuonekeranizo, mlondayo muzikamuona ndithu, anavulalira katundu wanu.

Ine ndili ndi chifefe cha chilolezo kuyambira kale ndithu, ndiye ndiyambe ndi funso lanu lomaliza chifukwa ndi limene likulamula ena onsewo. Kuno ku Malawi mfuti sugula kaye kenako n'kumakafuna pepala. Pepala ndi limene limayamba. Lamulo lake ndi Firearms Act, la mu 1967, ndipo amene amaliyendetsa ndi apolisi kudzera kwa Registrar of Firearms, ku likulu lawo ku Area 30. Umapempha chilolezo chogulira, umafotokoza kuti mfutiyo ukufunira chiyani, ndi ya mtundu wanji, uzikaisunga kuti, iwo amakufufuza ngati unapalamulapo mlandu ndi ngati mutu wako umayenda bwino. Akakuvomera ndi pamene umagula, nambala ya mfutiyo imalowa m'kaundula pa dzina lako, ndipo laisensi yake umaikonzanso chaka ndi chaka. Ukangoiwala kukonzanso ndiye kuti mfuti yako yomwe yasanduka mlandu m'nyumba mwako.

Tsono mfuti yolakatika, imene ukakoka trigger imangopitiriza kulavula mpaka magazini ithe, imeneyo iwalani, munthu wamba saloledwa. Izo mwaona pa zithunzizo n'zoona kuti zimatulutsa chipolopolo chimodzi pa kukoka kumodzi, koma taganizani inuyo mutakhala amene mukusayina pepalalo, kwabwera munthu akuti ndikufuna kuteteza khola la nkhumba ndipo akupempha mfuti yooneka ndendende ngati ya achifwamba, ya magazini ya zipolopolo 30. Mungasayine msanga? Ine ndikuona kuti mudzangotaya nthawi. Pempho la chifefe limamveka lokha, aliyense amadziwa kuti mlimi amachifuna.

Koma ngakhale atakulolani, ine mfuti imeneyo sindingakulangizeni ku famu. Chipolopolo cha AK, chija amati 7.62x39, chikaphonya chimatha kuuluka kupitirira makilomita 2, ndipo chitseko cha matabwa kapena malata sichiona ngati kanthu. Ku Mitundu kuja midzi ndi yoyandikana, inu mukuombera mu mdima kulunjika ku khola, kuseri kwa khola kuli nyumba ya udzu ya munthu wosalakwa mwagona ana. Chifefe cha 12 gauge chimamwaza timitovu tambirimbiri, pafupi n'choopsa zedi, koma pakangopita mamita 40 kapena 50 mphamvu yayamba kale kutha. Ndipo kulira kwake usiku mudzi wonse umadzuka. Changa ndi Baikal cha ku Russia, cha mpope umodzi, umachithyola pakati n'kuika katiriji imodzi, palibe chovuta, mtengo wake wa kumbuyo unachita kusalala ndi manja anga. Kuchipukuta ndi kansalu ka mafuta basi.

China chimene anthu safuna kumva. Laisensi ndi ya munthu mmodzi. Inu mumagona ku Area 25, akuba amabwera ku Mitundu. Mfutiyo izikhala kuti? Mukaisiya kwa mlonda yemwe alibe chilolezo nonse awiri mwapalamula. Mukaisunga ku Area 25 ndiye kuti usiku umene akubawo abwera iyo ili mu bokosi lachitsulo ku tauni. Yankhani kaye limeneli musanayang'anenso zithunzi za mlamu wanu.

Komanso lamulo silikulola kuti uphe munthu chifukwa choti wanyamula nkhumba yako ndipo akuthawa. Kudziteteza kumamveka pamene moyo wako kapena wa wina uli pachiswe. Kumuombera kumsana ali pa liwiro ndi mlandu wakupha, khoti silidzawerenga nkhumba zanu.

Mtchona_Gauteng

Amwene, ine ndiyankhe mbali ya mfuti zenizenizo poti ndili kuno ku Johannesburg zaka zambiri ndithu ndipo ndili mu kalabu ya masewera owombera, Loweruka timakhala ku range. Zomwe anena Madala pamwambapa za malamulo a kumudzi sinditsutsa, koma ndikuuzeni kaye kuti mlamu wanu wakuonetsani theka la nkhani. Inde zili mu shopu, koma si kuti umangolowa ndi ndalama n'kutuluka nayo. Kuno kuli Firearms Control Act ya 2000, umayamba wakachita maphunziro, kulemba mayeso, kuombera akukuona, kenako umapempha competency certificate kwa apolisi, ndipo imeneyo amapereka kwa mzika kapena amene ali ndi permanent residence, wa zaka zosachepera 21. Ukatero ndiye upemphe laisensi ya mfuti imene ukufunayo, ndipo pa ma semi-auto rifle amenewa anthu ambiri amadutsira njira ya dedicated sport shooter, kutanthauza kuti uyenera kukhala membala wa bungwe lovomerezeka ndipo uzioneka kuti ukuseweradi. Safe yachitsulo yomangirira ku khoma iyenera kukhalapo. Mfuti walipira kale koma imakhala ku shopu miyezi ndi miyezi ukudikira. Ndiye ngati mlamuyo ali pa work permit chabe, sangakugulireni, asakunamizeni.

Tsopano za kusiyana kwake.

Za banja la AK, monga Norinco ya ku China ndi Zastava ya ku Serbia, zonse zinachokera pa mfuti imene anapanga Mikhail Kalashnikov ku Soviet Union mu 1947. Ubwino wake ndi umene aliyense amaudziwa, zitsulo zamkati sizinathinane kwambiri ndiye fumbi ndi mchenga zikalowa imapitirizabe kugwira ntchito. Kuimasula n'kosavuta, mwana wa sukulu akhoza kuphunzira tsiku limodzi. Norinco ndi imene imakhala yotsikirapo mtengo kawirikawiri, koma ukaigwira umaona kuti sanaisamalire pomaliza, m'mphepete mwina mwakuthwa, thabwa lake lowala ngati analipaka vanishi mothamanga. Zastava ndi yolemererapo komanso ya zitsulo zochindikala, anzanga amene ali nayo amaitamanda, mtengo nawo ndi wokwererapo. Vuto la zonsezi n'loti pa kulunjika patali sizifika pa AR, ndipo kuikapo scope, kagalasi kothandiza kulunjika patali, n'kovutirapo. Chinanso, zipolopolo zakale za asilikali zimene zimagulitsidwa motchipa zambiri zimasiya mchere mu mpope, ukangogona nayo osatsuka m'mawa upeza dzimbiri layamba. Mnzanga wina anaiwala sabata imodzi yokha nthawi ya mvula, titayang'ana mu mpope ndi tochi munali mofiira ngati mwathiridwa dothi la katondo.

LM5 ndi ya konkuno. Asilikali a South Africa amagwiritsa R4 ndi R5 zomwe anatengera ku Galil ya ku Israel, ndiye LM4 ndi LM5 ndi zomwezo koma za semi-auto. Zimadya zipolopolo za 5.56. N'zolimba koopsa, koma kulemera kwake ukaima nayo nthawi yaitali mkono umadandaula. Zambiri zimene zikuyenda pa msika ndi zakale zogwiritsidwapo ntchito, zina zinachoka ku makampani a sekyurite, ndiye pogula umayenera kupita ndi munthu wodziwa kuyang'ana mpope.

AR-15 ndi imene ndili nayo ine. Anaipanga ndi Eugene Stoner ku kampani ya ArmaLite ku America m'zaka za m'ma 1950, ndipo M16 ya asilikali awo inachokera pomwepo. Lero makampani opanga ndi ambirimbiri ndiye mitengo imasiyana kutali, ku America yotsika umaipeza pansi pa madola 1,000, zapamwamba zimapita kawiri katatu kuposa pamenepo, ikafika kuno yakwera kale. Ndi yopepuka, makilo atatu ndi kanthu, simenya phewa kwenikweni, ndipo pa mamita 200 kapena 300 imaika pomwe waloza. Koma imafuna chisamaliro, utsi wa wonga umabwerera mkati mwenimweni ndiye imada msanga ndipo imakonda mafuta. Ndipo ndalama zenizeni zimathera pa zowonjezera, lero scope, mawa magazini ena, mkucha lamba, anthu ena scope yawo inaposa mtengo wa mfuti yomwe.

Chimene ogula atsopano sawerengera ndi zipolopolo. Loweruka limodzi ku range ukhoza kutha 100 osazindikira. Popanda kuyeserera pafupipafupi mfuti yotere ilibe phindu, pa mdima uli ndi mantha sungamenye ngakhale chitseko cha galaja. Nanga ku Lilongwe 5.56 kapena 7.62x39 muzikaigula shopu iti mwalamulo? Makatiriji a 12 gauge ndiye amadziwika paliponse pomwe pali alimi ndi alenje.

Ine yanga ndimaikonda, sindibisa, koma ndi ya masewera. Tchuthi cha Khirisimasi ndikamabwera kumudzi imatsala mu safe konkuno. Ndikanakhala ndi famu ku Mitundu ndikanayang'ana chifefe cha pampu, monga Mossberg 500 kapena Remington 870, apo ayi za ku Turkey ngati Hatsan zomwe n'zotsikirapo mtengo.

Ejenti_Kanengo

Ine mfuti sindizidziwa, ntchito yanga ndi yoombola katundu ku kasitomu, ndiye ndingothandiza pa masamu.

Mtengo umene mukuuona pa chithunzi ndi chiyambi chabe bwana. Tingoyerekeza kuti chinthu chili pa madola 1,000. Pa reti ya ku banki ya mu 2025 ya pafupifupi K1,750 ndiye K1.75 miliyoni, koma nonse mukudziwa kuti ma dola ku banki kuwapeza ndi nkhani ina, ndipo kunja kwa banki reti yake ndi yokwera kutali. Kumbukiraninso kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 kenako 44 peresenti mu November 2023, amene anali atalipira theka la katundu kunja nthawi imeneyo analira. Pa katundu amene mapepala ake amatenga miyezi ngati ameneyu chiopsezo chimenecho chilipo ndithu.

Pamwamba pa mtengowo muikepo wonyamula, ndipo si kampani iliyonse imene imavomera kunyamula mfuti, zomwe zimavomera zimatchaja modula chifukwa zimafuna mapepala awoawo, zipolopolo ndiye zimawerengedwa ngati katundu woopsa, siziyenda limodzi ndi katundu wamba. Muikepo inshuwalansi. Kenako MRA imawerengera msonkho pa zonse pamodzi, mtengo wogulira, wonyamulira ndi inshuwalansi, kenako VAT pamwamba pa zonsezo. Ikafika pa Kamuzu International Airport mapepala asanakwane imakhala m'manja mwa boma, inu mukuyendayenda. Mufunika chilolezo cholowetsera cha kuno, komanso chotulutsira cha dziko limene ikuchokera, ndipo kumeneko sapereka asanaone cha kuno. Ndiye amene akukuuzani kuti mtengo wake ndi uwu wa pa chithunziwu basi, sanayambe waitanitsapo ngakhale tayala.

Ndipo pulizi, ndanena pulizi, wina asakuuzeni kuti tingoitumiza pa basi kapena pa thiraki mkati mwa katundu. Basi yochoka ku Johannesburg imadutsa Beitbridge, Zimbabwe yonse, Nyamapanda, Tete, kenako Mwanza kapena Dedza. Amenewo ndi mayiko anayi, lililonse ndi lamulo lake, ndipo mayiko a SADC anasayinirana pangano loletsa kuyendetsa mfuti mwachisawawa mu 2001. Mudzamangitsa dalaivala wosalakwa, mlamu wanu, ndi inu nomwe. Chimodzimodzi aja amalemba m'magulu a WhatsApp kuti ndili ndi katundu wotchipa mapepala tikonza pambuyo. Kapena ndi wakuba ndalama, kapena mfutiyo inaphapo munthu kwinakwake ndipo mlandu wake udzagwera amene yapezeka naye.

Ngati apolisi akupatsani chilolezo, njira yachidule ndi kugula kwa wogulitsa wovomerezeka wa konkuno, iyeyo ndi amene alimbane ndi za kasitomu.

Nachisale wa ku Lizulu

Abambo a ku Mitundu, ndawerenga zonse ndipo mtima wanga wawawa ndi nkhani ya mlonda wanu. Koma mundilole ndiyankhule ngati mayi komanso ngati munthu amene anakulira m'malire.

Kwathu ndi ku Lizulu, uko msewu wa M1 ndiwo malire, mbali iyi Malawi mbali iyo Mozambique. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inayamba mu 1977 n'kutha mu 1992 atasayinirana ku Rome, ndipo anthu othawa nkhondo amene analowa m'dziko muno anaposa 1 miliyoni, ku Nsanje, Mulanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza, Mchinji konse kunali misasa. Ife tinkamva kulira kwa AK usiku tili pa mphasa, amayi ankazimitsa koloboyi n'kutiuza kuti tigone pansi tisadzutse mutu. M'mawa kumabwera anthu atasenza timitolo, ena mabala ali poyera. Mnyamata wina amene anafikira pa khonde pathu chipolopolo chinalowa pa ntchafu potulukira pake panali dzenje loti chibakera chikhoza kulowa, amayi anang'amba chitenje chawo chatsopano kumumanga. Ndiye ine ndikamaona anyamata a masiku ano akusirira mfuti imeneyi pa foni, kukambirana kuti iyi ndi yokongola iyi thabwa lake ndi labwino, thupi langa limachita tsembwe.

Nkhondo itatha mfutizo sizinathe. Zinayamba kuyenda m'manja mwa anthu, ndipo amene analipo m'zaka za m'ma 1990 akukumbukira mmene uchifwamba wa mfuti unakulira, kuphatikizapo pambuyo pa Operation Bwezani mu December 1993 pamene asilikali analanda zida a Young Pioneers ena n'kuthawira ku Mozambique komweko. Anzathu a ku Mozambique, dziko loti AK ili pa mbendera yawo, anachita kuyambitsa ntchito kudzera ku mipingo mu 1995, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, yoti munthu akabweretsa mfuti azimupatsa khasu, njinga kapena makina osokera. Iwo anavutika kuzichotsa m'midzi, ife tizikalipira msonkho kuti tizilowetse?

Ndikufunseni chinthu chimodzi. Kunyumba kwanu ku Area 25 kuli ana? Mwana wa zaka 12 amadziwa pamene bambo ake amabisa makiyi, musadzinamize. Komanso m'banja mumakhala masiku oipa, anthu amakangana, wina wamwa, wina ngongole yamupanikiza mpaka sakuonanso njira. Tsiku lotero mfuti ikakhala pafupi palibe kubweza. Ndipo akuba akamva kuti pa famu paja pali mfuti ya mtundu umenewo, sadzabweranso kudzafuna nkhumba, adzabwera kudzafuna iyoyo, ndipo adzabwera okonzeka.

Ndalama zimene akuwerengera a Ejenti pamwambapa zikhoza kumanga mpanda wa njerwa kuzungulira khola, kuika magetsi a solar oyaka okha munthu akadutsa, agalu awiri olusa odyetsedwa bwino, ndi alonda awiri m'malo mwa mmodzi. Ndiponso kodi amfumu a kumeneko munakhala nawo pansi? Nkhumba 4 siziyenda zokha usiku popanda wa m'mudzi momwemo wodziwa njira.

Jah_Kawale

Mayi Nachisale ulemu wanu, zomwe mwaonazo ife sitinazione. Koma tisamuyankhule mkuluyu ngati iyeyo ndiye chigawenga. Munthu wakhetsa thukuta, watenga ngongole, anthu abwera ndi zikwanje kumanga wantchito wake ngati mbuzi, ndiye tizimuuza kuti gula agalu? Agalu amawapatsa nyama ya tameki, kwa achimwene anga ku Nathenje anapha atatu usiku umodzi. Magetsi a solar amazula n'kupita nawo limodzi ndi nkhumbazo. Ku famu kulibe neba woti ungakuwe n'kumva, ndipo thandizo pofika kuchokera kutali anthu aja afika kale ku msika nyama ili pa mbedza.

Ine ndikugwirizana ndi onse kuti za AK ndi AR zisiyeni, n'zodula, chilolezo chake n'chokayikitsa, ndipo kunena zoona ambiri amazifuna chifukwa cha maonekedwe basi. Koma kunena kuti asakhale ndi mfuti iliyonse ndiye ayi. Lamulo lilipo, limalola, alimi akuluakulu ali nazo, bwanji wamng'ono? Akuba amauzana. Akangodziwa kuti mwini wake amagona pomwepo ndipo ali ndi chifefe cha mapepala, amakayesa kwina. Amwene pitani ku Area 30 mukafunse mafomu, musachite manyazi.

MlimiMitundu

Zikomo nonse, ndawerenga kawirikawiri. Mlamu wanga ndamufunsa, alidi pa work permit, ndiye nkhani ya ku Pretoria yathera pomwepo, ndipo ndi zomwe mwafotokoza a Mtchona za zipolopolo ndaona kuti ngakhale ikanafika ikanangokhala chokongoletsa. Mayi Nachisale, ana alipo atatu, wamkulu ali Fomu 1, funso lanu landigwira. Amfumu ndinawauza koma sitinakhale pansi bwinobwino, ndipita Loweruka ndi kankhuku m'manja.

Madala, funso lanu lija loti mfuti izikhala kuti. Maganizo anga ndi oti ndimalize kanyumba ka ku famu ndizigona konko masiku ambiri pa sabata, makamaka nthawi yokolola ndi pamene nkhumba zatsala pang'ono kugulitsidwa. Ndikatero chifefe chikhoza kumveka? Nanga pakati pa cha mpope umodzi ngati chanucho ndi cha pampu chimene akunena a Mtchona, kwa munthu woti sanagwirepo mfuti chiyambire, chabwino n'chiti? Kumudzi kuli mkulu wina ali ndi gogodela, mfuti yosula pamanja ija, akuti akhoza kundibwereka pakadali pano, koma ndikukayikira.

Madala a ku Likuni

Gogodelayo musayerekeze n'komwe kuigwira. Ilibe mapepala, ndipo mipope yosula pamanja ija imaphulikira mwini wake kumaso, alenje angapo akale zala zawo zinathera pamenepo. Kubwerekana mfuti n'koletsedwa ngakhale itakhala ya laisensi.

Ngati muzigonadi ku famu ndiye pempho lanu lili ndi mutu. Pokapempha mutenge lipoti la apolisi la kuberedwa kuja, mapepala a malo, ndi kalata ya amfumu, zimathandiza kuonetsa kuti simukungofuna yonyadira. Bokosi lachitsulo lokhoma mugule mfuti isanabwere, mulimangirire ku khoma, makatiriji azikhala kwina kokhomanso, kiyi pa thupi panu osati pansi pa pilo. Masiku amene muli ku tauni musaisiye ku famu yokha.

Pa kusankha, kwa woyamba ine ndimati cha kuthyola pakati, cha mpope umodzi kapena iwiri. Ukachithyola umaona ndi maso ako kuti muli katiriji kapena mulibe, palibe zongoganizira. Cha pampu chimanyamula makatiriji angapo, n'chabwino ndithu, koma munthu wamantha amakoka pampu mosafikitsa n'kuchitsamwitsa, komanso n'chosavuta kuiwala kuti imodzi yatsalira mkati. Mtengonso cha mpope umodzi ndiye chotsikitsitsa pa zonse. Chimamenya phewa, ndiye muchigwire mochikanikiza, ndipo mupeze munthu wa chilolezo wodziwa akuphunzitseni masana pamalo otetezeka musanachidalire usiku.

Chinanso, poti Dzalanyama ili pafupi ndi kumeneko, anzanu adzayamba kukunyengererani kuti tiyeni tikasake. Laisensi ya mfuti si chilolezo chosakira nyama, chimenecho amapereka ndi a Parks and Wildlife, ndipo chisinthireni lamulo lawo mu 2017 zilango zinakwera mpaka zaka 30 pa nyama zotetezedwa kwambiri. Mpanda ndi mlonda wachiwiri zomwe anena mayi aja muyambe nazo mwezi uno, chifukwa mapepala a ku Area 30 satuluka sabata imodzi.